Milu ya Nicanor

Nicanor anabwera kwathu, m'mphepete mwa mtsinje wa Erebato, ngati mkamwini, atakwatira mlongo wanga Teodora. Anali wamfupi, wosayankhulayankhula, koma pogawa nyama panalibe womuposa. Akapha nguluwe ankayala masamba pakati pa nyumba yaikulu imene tonse timakhalamo n'kuika milu isanu ndi inayi, banja lililonse losonkha moto wake mulu wake. Iye ankatsala ndi ziboda.

"Alamu, mudzafa ziboda zili kukamwa," ndinkamunyogodola.

"Bola ine ndimapha. Inu kutchire mumangobwerako ndi nkhani," ankandibwezera.

Kwathu nyama sitidya mkulu asanaiimbire ndi kuiuzira mpweya, chifukwa ili ndi eni ake kunkhalango. Timadyera pamodzi kuti eni akewo adziwe kuti ndife anthu. Wodya yekha kutchire, eni akewo amamuwerengera kuti wadya nawo, ndiye kuti ndi wawo.

Chaka china madzi anamukokolera bwato, ndipo anakhala kutsidya masiku atatu. Anabwera atasenza nguluwe yotumbula kale.

"Nanga chiwindi chili kuti, amuna anga?" anafunsa Teodora.

"Njala, mkazi wanga. Ndinaotcha."

Ine ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero sunazizire. Akanapirira tsiku limodzi lokha!

Kuyambira pamenepo, akazi akaitana kuti chakudya chapsa, Nicanor ankakhala nafe koma osadya. Teodora anamuphikira nsomba ya tsabola, anamunyemera mkate wa chinangwa, mpaka kumuikira m'kamwa ngati khanda. Tonse tinkadziwa kuti akangomeza ndiye kuti akadali wathu. Iye ankalavula, ati ukununkha utsi.

Tsiku lachisanu, dzuwa lili paliwombo, nguluwe zinafika m'mphepete mwa bwalo. Zinangoima chilili, osafukula, osalira. Agalu athu anathawira m'nyumba. Nicanor anadzuka, natsamiritsa mfuti pakhomo.

"Lumani kamodzi kokha, bambo a mwana!" Teodora anakuwa akumuthamangira, mkate uli m'manja. Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri.

Sanacheuke. Analowa m'nkhalango pamodzi ndi nguluwezo, ndipo sitinamuonenso.

Koma zipatso zikamapsa timapeza masamba atayalidwa bwinobwino panjira ya kumtsinje, pamwamba pake milu ya zipatso ndi mizu yamatope. Palibe amene amagwira. Zaka zonsezi miluyo inali isanu ndi inayi.

Chaka chatha mwana uja anamusiya m'mimba anakwatiwa n'kuyamba kusonkha moto wakewake. Zipatso zitapsa ndinapita ndekha kukaona. Milu inali khumi.