Mgodi wa pansi pa mndimu

Kuseri kwa nyumba yathu ku Nabvutika kunali mtengo wa mandimu. Mayi anga anabwera nawo kuchokera ku Kasenengwa uli kambande m'chitini, chaka chomwe anatisiya. Ndinkauthirira ngati mwana, ndipo mbuzi ya aneba imene inkayesa kuulawa inkadziwa liwiro la patapata wanga.

Tsoka linalowera pa foni. Amuna anga anaonapo anthu ovala zoyera akunyika ufa wa mabatire akufa m'mankhwala, n'kutulutsamo zitsulo zodula. Anandiitana ndikuchapa.

"Amake mwana, taonani. Ichitu n'chidulo basi! Mmene muchezera phulusa muja, ndi mmenemu. Migodi ya ku Kopala yabwera yokha pakhomo."

Munthu woti sanaphikepo therere chibadwire, tsiku limenelo anasanduka katswiri wa chidulo. Anazungulira okonza mafoni onse m'tauni, nabwera ndi thumba la mabatire otupa. Anatenga chitini changa choboola pansi, chochezera chidulo, n'kuyamba kuswa mabatirewo ndi hamala. Lina linachita kuti phuu, n'kuwanyambita nsidze zonse. Kutchalitchi anauza anthu kuti ndi mbaula.

Mankhwala a anthu ovala zoyera aja analibe, koma anamva kuti chofunika n'chowawasa. Maso awo anagwera pa mtengo wanga. Anathyola mandimu onse, ndi osakhwima omwe, n'kumafinyira mu ufa wakudawo. Pansi pa chitini pankadontha madzi onunkha ngati matayala opsa. Akawayang'ana padzuwa n'kusaonamo chitsulo, ankawakhuthulira patsinde pomwepo.

"Bambo ake mwana, mundiphera mtengo wa amayi," ndinatero.

"Inu simudziwa sayansi. Umenewu ndi feteleza."

Ndinakalipa mpaka aneba anasuzumira pampanda, koma mwini mgodi anati chuma chimafuna kudekha. Masamba anayamba chikasu, kenako anayoyoka. Ndinakumba dothi lakudalo ndi manja, ndinathira madzi mpaka msana kuwawa, koma khungwa linali litayamba kale kusendeka. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira pamaliro a amayi, chifukwa pamaliro paja ndinali ndi mtengo woti ndikauthirire.

Chitsulo sichinatuluke ngakhale chokwanira ndolo imodzi. M'mawa wina, mtengo wouma uja utadulidwa, amuna anga anandipeza nditakhala pafupi ndi chitsa, iwo atanyamula chitini chawo, nsidze zitangoyamba kumera. Anayang'ana m'mwamba mopanda nthambi, n'kundifunsa mwaulemu wonse:

"Amake mwana, kodi mandimu tsopano tiziwapeza kuti?"