Tsiku Limene Kwaya Inaperekeza A Ng'ambi Kuchimbudzi

Inu amene mukuti manyazi anu ndi aakulu moti simungatulukenso m'nyumba, khalani pansi ndikuuzeni za a Levison Ng'ambi a ku Wenya, m'boma la Chitipa. Inu mwina anakuonani anthu awiri kapena atatu. Iwowa anaperekezedwa kuchimbudzi ndi anthu makumi atatu ovala yunifomu, akuyimba m'mawu anayi.

A Ng'ambi anali woyimbitsa kwaya pa tchalitchi chakwawo kwa zaka zambiri, ndipo anali munthu wosafuna zachibwana. Lamulo lawo linali limodzi, ndipo analikhomerera mpaka oyimba ankalilota kutulo: "Maso pa ine. Ndikakweza dzanja, kwezani mawu. Ndikayenda, namwe yendani. Kufunsa yayi." Kwaya imeneyi inkatchuka ndi kuguba. Inkalowa ndi kutuluka m'tchalitchi awiriawiri, a Ng'ambi ali patsogolo ndi kamtengo kawo m'manja, atavala thalauza loyera losita bwino.

Chimene anthu sankadziwa n'chakuti mkuluyu ankavutika ndi m'mimba. Kunali kupotokola, kutsegula kasanu kapena kasanu ndi kawiri pa tsiku, nthawi zina ndi magazi omwe. Choipitsitsa, mimba yawo sinkadziwa odi. Ikati tiyeni, inali tiyeni basi. Iwo anabisa zonsezi, nangomatafuna mizu mwakachetechete.

Tsoka linagwa Lamlungu la zopereka za masika, tchalitchi chitadzaza mpaka m'mawindo. Nyimbo ili pakati, mimba inagogoda. A Ng'ambi anafulumizitsa dzanja kuti nyimbo ithe msanga, kwaya nayo inathamanga. Anafumbata chibakera n'kuuma thupi lonse, kwaya inagwira liwu limodzi osalisiya. Thukuta linali kamukamu, ndipo amayi ena pabenchi anayamba kunong'onezana kuti lero mzimu wawatsikira.

Ataona kuti zinthu zafika pa mwana wakana phala, anayamba kusendera chammbali kulowera kukhomo laling'ono, msana atautsamiritsa kukhoma. A Lettie Sibale, amene ankatsogolera mawu oyamba, anaona aphunzitsi akuyenda. Lamulo ankalidziwa. Anaponya phazi, ndipo kwaya yonse inanyamuka.

Panja a Ng'ambi anakupiza manja kuti bwererani. Oyimba anaona manja m'mwamba, anakweza mawu. Anayamba kuthamanga, iwo anaguba mothamanga. Nyimbo yake inali ya Chitumbuka yomwe anapeka okha a Ng'ambi, yonena kuti kumene mukupita nafenso tikubwera: "Uko mukuluta, nase tikwiza." A Lettie anaona zimene zachitika pa thalauza loyera lija ali pakati pa njira, koma akanaima bwanji abambo a besi akukankha kumbuyo?

A Ng'ambi analowa m'chimbudzi mochedwa. Kwaya inaima mozungulira chitseko cha chiguduli n'kumaliza mavesi onse anayi, chifukwa panalibe amene anatseka nyimbo. Tsiku limenelo anabwerera kunyumba madzulo, anthu onse atabalalika, atafunda chitenje cha akazi awo, a NyaKayira.

Sekani, palibe mlandu. Nawonso masiku ano amaseka mpaka kutsokomola. Koma nthawi imeneyo sizinali zoseketsa. Anakhala chaka chathunthu ndi miyezi osatuluka pakhomo. Kutchalitchi anasiya, kumsika anasiya, ngakhale kumaliro, ndipo mukudziwa kuti munthu wosapita kumaliro kumudzi amakhala ngati anamuika kale. Lamlungu mphepo inkabweretsa mawu a kwaya kuchokera kutsidya, atenala akuphonya poyera, ndipo dzanja lawo linkadzuka lokha kuti liwakonze. Akalizindikira ankalibweza pabondo n'kugwetsa misozi. Chimene ankafuna pa dziko lapansi chinali chimodzi, kuimanso patsogolo pa kwaya yawo, ndipo ankakhulupirira kuti sizidzachitikanso.

Kenako mwana wawo Wongani anabwera ndi mkazi. Dzina lake anali Eva, wa ku Ntcheu, mlangizi wa zaumoyo amene anatumizidwa kudzagwira ntchito kuderako. Tsono pakhomo pa a Ng'ambi mwambo wa upongozi unali wolimba. Mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, sayang'anana ndi apongozi aamuna, sayankhulana nawo, ndipo chimbudzi salowa chimodzi. Pakhomopo chinalipo chimodzi chokha. A Ng'ambi, amene chaka chonse ankati alibe mphamvu yogwira khasu, anakumba china m'masiku atatu.

Eva anali ndi maso a ntchito yake. Anaona kuti kanjira kopita kuchimbudzi chatsopanocho kasalala msanga kuposa njira ya kumjigo. Anaona mathalauza atatu tsiku lililonse atayanikidwa mobisa kuseri kwa nkhokwe. Anapita kwa apongozi ake aakazi.

"Amama, adada akudwala. Ndiloleni ndiyankhule nawo."

"Yayi, mwana wane," anatero a NyaKayira. "Kuno sitichita choncho. Uuze mwamuna wako."

Wongani atamva anangogwira pakamwa. "Ine ndikafunse adada za kuchimbudzi? Eva, ukufuna ndisamuke pamudzi pano?"

Mmawa wotsatira a Ng'ambi anali pampando wawo kuseri kwa nkhokwe, akuwothera dzuwa. Mbali inayo panali mbuzi yaikazi yomangidwa pachikhomo. Eva anabwera ndi makoko a nthochi, anagwada pafupi ndi mbuziyo, nayamba kuyankhula mokweza bwino.

"Iwe mbuzi, tchera khutu. Matenda otsegula m'mimba osatha ine ndawaonapo kwa anthu ambiri, aphunzitsi, apolisi, ngakhale abusa. Si ufiti, si tchimo, ndiponso si ukalamba. Kuchipatala amawadziwa. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, wamva iwe mbuzi?"

Mbuzi inatafuna makoko. Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kutsokomola, kenako mpando ukukokedwa kupita kutali.

Eva sanatope. Tsiku lililonse mbuzi ija inkalandira makoko ndi phunziro. Inaphunzira za madzi a mchere ndi shuga, inaphunzira kuti magazi m'chimbudzi si chinthu chodikira nacho, inamvanso kuti wobisa matenda maliro amamuulula. A NyaKayira ankangopukusa mutu, koma sakanaletsa, pakuti palibe mwambo woletsa mkamwana kucheza ndi chiweto.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, kuseri kuja kunatuluka mawu okhuthala.

"Iwe mbuzi. Kamufunse uyo ukucheza nayeyo. Munthu angakafike bwanji ku boma pa lole, msewu wonse uja ndi mabampu ake, ali ndi mimba yopanda mabuleki?"

Eva anadziluma mlomo kuti asaseke. "Iwe mbuzi, uwauze kuti ayang'ane pachikhomo chako mawa."

Pachikhomopo anapezapo jumbo, m'kati muli makabudula atatu amene Eva anasoka yekha. M'kati mwake anaikamo nsalu ya thaulo yopindapinda, kunja kwake nsalu ya ambulera yakutha yosalowa madzi. A Ng'ambi anawatembenuza uku ndi uku, nkhope itakwinyika.

"Iwe mbuzi, ine munthu wa imvi ndivale thewera?"

"Uwauze kuti wovutika maso amavala magalasi, wovutika mwendo amagwira ndodo, ndipo palibe amawaseka. Uwauzenso kuti izi sizioneka, pamene thalauza loyera lija linaoneka mpaka ku mapiri a Mafinga."

Kenako kunamveka phokoso limene pakhomopo anali ataliiwala. A Ng'ambi ankaseka.

Anapita kuchipatala ndi Wongani, ndipo atawayeza kangapo, adokotala sanawanamize. Anati matumbo awo ndi otupa, ndipo matendawa ndi okhalitsa. Sadzatheratu, koma ndi mankhwala ndi kusamala amagona tulo nthawi yaitali. A Ng'ambi anabwerera ndi mapilitsi ndi tsiku lobwereranso, atakhumudwa pang'ono chifukwa ankayembekezera jakisoni mmodzi wothetsa zonse.

Apa ndiye panayambira ntchito yeniyeni. Kumapeto kwa kope lawo la nyimbo anajambula mzere pakati, mbali ina analemba "abwenzi", ina "adani", n'kumalembamo chakudya chilichonse malinga ndi mmene chawachitira. Nthochi yophika inalowa kwa abwenzi. Mkaka ndi tsabola zinapita kwa adani popanda mlandu wautali. Nyemba anazizenga katatu pofuna kuzipulumutsa, koma katatu konse zinapezeka zolakwa. Tsiku limene khofi wa ku Misuku analowa kwa adani, a NyaKayira akuti mkuluyo analemba dzinalo ngati akulemba uthenga wa maliro.

Anayambanso kuyenda. Choyamba mpaka pamjigo, kenako kuchigayo, kenako kumsika, kachikwama ka kabudula wapadera ndi sopo kali paphewa. Khomo lililonse la m'njira analowapo n'kupempha mosabisa kuti mimba ikawapanikiza azithawirapo. Palibe anakana. Ena mpaka anayamba kusesa zimbudzi zawo mmawa uliwonse poopa kuchita manyazi aphunzitsi akabwera. Sikuti zonse zinkayenda bwino. Miyezi ina matenda ankadzuka n'kuwagoneka sabata ziwiri. Tsiku lina kuchigayo ngozi inachitika ndithu, koma amene anadziwa anali iwo ndi nsalu ya ambulera basi.

Lamlungu lina, nthawi ya zolengeza, anthu anadabwa kuona a Ng'ambi ataimirira kumbuyo. Anagwira benchi, nayamba kuyankhula.

"Abale, mimba yanga mukuidziwa, munaiperekeza nokha." Tchalitchi chinaphulika ndi phwete, ndipo a Lettie anabisa nkhope m'chitenje. "Ndimadwala, ndipo madokotala akuti sindidzachiriratu. Koma matendawa ali m'matumbo, m'manja mulibe. Ngati kwaya ikundifuna, ndabwera."

A Lettie anaimirira misozi ili m'maso. "Adada, mutikhululukire. Ife tinangotsata lamulo lanu."

"Lamulolo ndalisintha," anatero a Ng'ambi. "Ndikakupatsani kamtengo aka, mama, aliyense aime pomwe ali. Muzibwereza kolasi mpaka ndibwere. Wonditsata ndimuchotsa kwaya."

Patapita miyezi itatu, tchalitchi chawo chinalandira chikondwerero cha makwaya. Anabwera makwaya asanu ndi anayi, ena ochokera kutali ku Misuku, ndipo nkhani ya kuperekezedwa ija onse ankaidziwa. Mmawa wa tsikulo a Ng'ambi anatulutsa thalauza loyera lija m'sutikesi. A NyaKayira anawachonderera kuti avale lakuda, koma iwo anangoti makala a simbi ali kuti.

Anasankha nyimbo yomwe ija. Vesi loyamba linayenda, lachiwiri linayenda. Pa lachitatu mimba inagogoda, chifukwa mimba yotere sidziwa kuti lero kuli alendo. Kwa kamphindi anaona tsiku lija likubwereranso. Kenako anatembenuka, anapereka kamtengo kwa a Lettie, nayenda pakati pa tchalitchi mutu uli m'mwamba, anthu mazana akuwayang'ana. Bambo wina wa besi ananyamula phazi mwachizolowezi, mnzake analiponda.

Kwaya inabwereza kolasi. Inabwerezanso. Alendo anayamba kuyang'anana. Kachisanu, amayi a m'mabenchi analowerera. Kachisanu ndi chitatu tchalitchi chonse chinali chitaimirira, makwaya opikisana nawo omwe akuvina. A Ng'ambi ali m'chimbudzi ankamva zonse, ndipo akuti ankamenya khoma ndi chikhatho kuti atenala asathamange.

Anasamba m'manja pa mpondagiya, anakonza tayi, nalowanso. Analandira kamtengo kawo, anakweza dzanja, nalitsitsa kamodzi. Nyimbo inaduka pamodzi ngati yadulidwa ndi mpeni, ndipo nthungululu zimene zinatsatira zinamveka mpaka kumsika.

Sanapambane. Anakhala nambala yachitatu, ndipo oweruza analemba kuti kolasi inatalika mopitirira muyezo. Koma anthu akubalalika, madala atatu a makwaya ena anawakokera pambali, aliyense payekha, kufunsa za makabudula aja, amene mbiri yake inali itawafika kale. Onse atatu anati akufunsira m'bale wawo. A Ng'ambi anawauza kuti m'bale wawoyo ayambe wapita kuchipatala, kenako abwere kunyumba adzaonane ndi mbuzi.

Atafika pakhomo dzuwa likupendeka, sanalowe m'nyumba. Anapita pachikhomo paja, anavula chipewa, naima mwaulemu pamaso pa mbuzi. Ankadziwa kuti Eva ali kuseri kwa nkhokwe akupeta mpunga.

"Iwe mbuzi," anatero a Ng'ambi, "ukamuuze mwana wanga kuti yewo chomene, zikomo kwambiri. Usakanene kuti mkamwana. Ukati mwana wanga."

Lichero linasiya kulira. Eva analiika pansi, napukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Mpaka lero a Ng'ambi amamwa mankhwala, amayenda ndi kachikwama kawo, ndipo masabata ena kolasi ya ku Wenya imatalika kuposa ulaliki. Mbuzi ija yakalamba, mano atha. Khirisimasi iliyonse a NyaKayira amaiyang'ana ndi diso la ndiwo, koma mkuluyo amati nthumwi siphedwa.

Tsono inu amene thupi lakuchititsani manyazi, amene mumachapa mobisa ndi kuyanika kuseri kwa nkhokwe, musadziike m'manda muli moyo. Pitani kuchipatala, uzani munthu mmodzi, ngakhale mutayambira pa mbuzi. Mwina matenda anu sadzatha, monga a a Ng'ambi sanathe. Koma musataye mtima, pakuti alipo anthu amene akubwereza kolasi, kudikira kuti mulowenso mudzatseke nyimbo yanu.