Penti pa makina anga amkuwa

Makinawo ndinawagula kwa mzungu wina wokalamba yemwe ankagulitsa katundu wa m'galaja mwake kuno ku South Bend. Anali makina akalekale olandirira ndalama m'sitolo, osafuna magetsi. Thupi lawo linali lamkuwa wozokotedwa maluwa, mabatani ataliatali, ndi chopukusira pambali. Ukadina batani, kachitsulo kolembedwa mtengo kankatumphuka kuseri kwa galasi. Ukapukusa, dirowa yamatabwa inkatseguka, belu n'kulira.

Mkuluyo anandiuza kuti makina oyamba amtunduwu anapangidwa ku Ohio ndi mwini bala amene anatopa ndi antchito omubera. Belulo analiika kuti azimva dirowa ikatseguka, ngakhale ali kuseri. Ine ndinakumbuka sitolo ya ku Limbe kumene bambo anga ankanyamula matumba. Pakauntala panali makina otere, ndipo ankawakhudza anali eni sitolo okha.

M'kati mwa anga munali dzimbiri lokhalokha. Ndikaweruka kuchipatala kumene ndimagwira ntchito ya unamwino, ndinkatsikira kuchipinda chapansi, kumasula kachitsulo kalikonse, kutsuka, kuthira oyilo, kubwezera. Chisanu chinabwera n'kupita, chinanso n'kubwera. Tsiku limene belu linalira koyamba, mkazi wanga anatsika masitepe akuthamanga, poganiza kuti ndaswa china chake.

Ndiye panabwera alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, a ku Beech Grove kufupi ndi Indianapolis. Mwana wawo wamkazi ankakwatiwa, ndipo anafuna makinawo akaime patebulo la pelekanipelekani.

"Ongokongoletsa basi, alamu," anatero pafoni. "Palibe akawagwire."

Ndinakana. Mkazi wanga anandidandaulira mpaka ndinafewa. Makinawo ndinawanyamula ndekha pagalimoto mpaka ku Indianapolis, nditawafunditsa bulangete, kutatsala mlungu kuti ukwati uchitike. Ndinawaonetsa alamu mmene amatsegukira, ndipo ndinawauza kuti asawapukute ndi mankhwala aliwonse.

Tsiku laukwati titalowa mu holo ku Speedway, ku Indianapolis komweko, makinawo ndinawaona ndili pakhomo pomwe. Anali achikasu mbuu, ngati chikho cha pulasitiki chopatsa ana a sukulu. Anawapopera penti wagolide kuti afanane ndi nsalu za pamipando. Penti analowa m'maluwa onse aja, anadontha pagalasi, anamata mabatani. Ndili chiimire choncho, woyendetsa mwambo anayesa kupukusa, makina osayenda. Anaitanitsa sikuludiraiva, n'kuilowetsa pakamwa pa dirowa, n'kukanula. Thabwa linang'ambika. Anthu anaomba m'manja.

Alamu ndinawapeza kukhitchini akugawa zakumwa.

"Makina anga mwawatani?"

"Eee, alamu, mwawaona? Awala tsopano! Tinawasupuleya dzulo. Analitu akuda bii, osayenera paukwati."

"Ndinakuuzani chiyani powasiya?"

"Munati mankhwala. Penti ndi mankhwala?" Anaseka, akuyang'ana azimayi amene ankapakula mpunga kuti aseke nawo. "Komanso inu, si chitsulo chabe chimenechi? Mwana wanu yemwe akukwatiwa, inu mukulirira chitsulo?"

Moyo wanga wonse sindinakwezepo mawu kwa munthu wamkulu kwa ine, koma tsikulo ndinakweza. Ndinawauza kuti chinthu chobwereka sapenta, kuti ngakhale kumudzi munthu akabwereka njinga saichotsa belu. Ndinawafunsa ngati ndingakalowe m'galaja mwawo n'kupenta galimoto yawo mtundu umene ndaukonda ine. Azimayi aja anasiya kupakula.

"Mukutichititsa manyazi pamaso pa alendo," anatero alamu, kuseka kutatha.

Ndinabwerera mu holo nyimbo zili pakati. Ndinakhuthulira zonse zimene zinali mu dirowa m'mbale ya patebulo, n'kukumbatira makinawo. Ndi olemera kwambiri, ndipo msana unandiwawa mwezi wathunthu, koma sindinapemphe aliyense kundithandiza. Penti anali asanaume bwino, moti suti yanga inathera pomwepo. Mkazi wanga ananditsatira kugalimoto atanyamula nsapato m'manja.

Pentiyo ndakhala ndikumuchotsa pang'onopang'ono ndi timitengo totokosera m'mano, duwa limodzilimodzi. Dirowa ndinaimata ndi guluu, koma mng'alu ukuonekabe. Choipitsitsa n'chakuti pokanula paja anathyola kachitsulo kamene kamamenya belu, ndipo kachitsulo kotere sakupanganso. Ndafunsa kwa ogulitsa zakale mpaka ku Ohio, sindinakapeze.

Abale akuti ndipepese chifukwa ndinasokoneza ukwati. Mkwatibwi yekha ndi amene anandiimbira foni, akulira, kunena m'Chingerezi chake kuti sankadziwa kanthu, ndipo iyeyo ndinamupepesa. Alamu mpaka lero sananene chilichonse. Pa Khirisimasi anatitumizira chithunzi chaukwati chili m'felemu: akwati akumwetulira, makina anga ali pakati pawo, achikasu mbuu. Mkazi wanga anachiika pashelefu. Ine ndikamadutsa ndimachigoneka chafufumimba.