Chidebe Chobooka cha Che Bwanali

Pamsika wa Nsungwi, kuseri kwa ogulitsa nsomba zouma, panali kashedi ka malata akutha momwe Che Bwanali ankakhomera zidebe. Ine Elube ndinkagulitsa makala pambali pawo, ndipo kwa zaka zambiri makutu anga sanaudziwe mtendere. Ankayamba kugogoda dzuwa lisanatenthe, kuleka pokhapokha akamapita kumzikiti. Ndikadandaula kuti andigonthetsa ankangoti, "Mayi Elube, mbaula zangazi zikapanda kugulidwa, makala anuwo muzitafuna?" Nane ndinkawabwezera kuti popanda makala anga mbaula zawozo ndi zitini chabe. Tinkakhala choncho, iwo Msilamu wa ku Mangochi, ine Mkhristu wa ku Dowa.

Anali munthu wa mawu ochepa, koma pa ntchito ya manja awo ankadzimva. Akamaliza chidebe ankachidzaza madzi n'kuchisenza pamwamba pa chisoti chawo choyera, wogula akuonerera. "Likagwa dontho, tengani chaulere," ankatero. Chisoticho sindinachionepo chitanyowa.

Mwana anali naye mmodzi yekha, Hafsah, poti ena awiri anamwalira ali makanda. Mtsikanayu anakulira m'kashedimo, kuseweretsa zidutswa za malata mpaka mayi ake kumakalipa. Bambo ake sankatha kumukaniza kanthu, ndipo tonse pamsika tinkadziwa kuti ukafuna kuwaseketsa Che Bwanali ungofunsa za Hafsah.

M'chaka cha 2005 Che Bwanali anayamba kuwonda. Nthawi imeneyo aliyense ankadziwa tanthauzo la kuwonda kotero, koma dzina lake sitinkalitchula, tinkangoti matenda amasiku anowa. Hamala inayamba kuwalemera. Apa n'kuti mnyamata wina dzina lake Shafiq, telala wa pakhonde la sitolo pa Nsungwi pomwepo, atafunsira Hafsah, ndipo mabanja atagwirizana kuti ukwati uchitike mwezi wa Ramadani ukatha. Pachisilamu bambo ndiye amapereka mwana wake ndi pakamwa pake, pamaso pa shehe ndi mboni. Tsiku lina Che Bwanali, atatsamira mzati wa shedi, anandiuza kuti, "Sindipempha zambiri kwa Mulungu. Ndingomupereka Hafsah ndekha, ndi pakamwa pangapa. Zinazo achite kufuna kwake."

Mkazi wawo, mayi Aminah, anawakokera kuchipatala, ndipo anayamba kumwa ma ARV omwe anali atangoyamba kuperekedwa ulere. Ndinaona ndi maso angawa munthu akubwerera pakhomo pa manda. Masaya anadzaza, nthabwala zinabwerera, phokoso lija linayambiranso, ndipo kunena zoona ulendo uno ndinalilandira ndi manja awiri. Anayamba kukhoma ziwiya zoti mwana wawo apite nazo kubanja: mbaula, beseni, ndi chidebe chachikulu cha lata latsopano. Chidebecho anachisenza pamutu chodzaza madzi ngakhale panalibe wogula, n'kundifunsa ngati ndaonapo dontho.

Zoipazo zinabwera mwakachetechete. Choyamba unali mutu, moti anayamba kumanga kansalu pamphumi. Kenako anasiya kudya kwa mayi wa pachiimirire yemwe ankawaphikira zaka zonsezi, ati m'ndiwo mwathiridwa kanthu. Tsiku lina masana anaika hamala pansi n'kundikodola.

"Mukumva zomwe akunenazo?" anandifunsa monong'ona.

Ndinatchera khutu. Kunali kugogoda kwa okhoma anzawo kutsidya kwa msewu, monga mwa masiku onse.

"Akuuzana za ine," anatero. "Akuti ndinafa kale, ndikungoyendayenda."

Ndinaseka, kuyesa ndi nthabwala zawo zija, koma iwo sanaseke. Mawa lake ndinapeza zidebe zonse azivundikira pansi. Ati zikakhala choyang'ana kumwamba zimatunga mawu a anthu ngati madzi a mvula.

Ndinapita kunyumba kwawo kukaonana ndi mayi Aminah. "Achemwali, apa pafunika chipatala," ndinatero.

"Ndikudziwa, mayi Elube," anayankha akupotokola ngodya ya chitenje. "Koma amisala mukudziwa komwe amawatumiza. Akawatengera ku Zomba, ndani akamupereke mwanayu? Nanga apongozi ndikawauza chiyani? Kuwonda kuja tinawauza kuti ndi chifuwa chachikulu. Akamvanso za misala ati n'zakumtundu, mwana wanga angomusiya. Tingodutsa ukwatiwu, mawa lake ndikawapereka ndekha kuchipatala."

Sindingawaweruze mayi amenewa. Ankateteza chinthu chimodzi chokha chomwe mwamuna wawo anapempha kwa Mulungu. Ndiye anthu a m'dera lathu la ku 25 nawo, nzeru sizinasowe. Ena amati ndi majini, ena amati ma ARV amapengetsa munthu, enanso amati okhoma anzawo awalodza chifukwa cha nsanje. Amati mutu umodzi susenza denga, koma apa mitu inachuluka osasenza kanthu. Mayi Aminah sanadumphitse mankhwala, monga analonjezera kuchipatala, ndipo anaitananso shehe kudzawapempherera. Kenako anawasunga m'nyumba, ofunsa n'kumawauza kuti bambo apita ku Mangochi kukaitana abale.

Ukwati utayandikira, Hafsah anapeza bambo ake kuseri kwa nyumba atagwira msomali ndi hamala, akuboola pansi pa chidebe chake chatsopano chija. Mabowo anali atadzaza kale ngati sefa. Mtsikanayo anayamba kulira, koma iwo anamuuza modekha, "Usalire mwana wanga. Mwadzaza mawu oipa m'menemu. Ndikufuna atuluke, usapite nawo kubanja kwako."

Tsiku la ukwati Che Bwanali anawaveka mkanjo woyera, mng'ono wawo n'kuwagwira mkono mpaka mumzikiti. Ine ndinali panja ndi amayi ophika, choncho zamkatizo ndinazimva kwa mng'ono wawoyo. Shehe anafunsa, "Che Bwanali, kodi mukumupereka mwana wanu Hafsah kwa Shafiq?"

Iwo ankangoyang'ana kudenga. Shehe anabwereza funso lija.

"Hafsah wake uti?" anayankha Che Bwanali. "Wanga ndi wamng'ono, ali kusukulu. Wina akamutenge, mvula ikubwera."

Shehe anali munthu wachifundo, anangonena kuti bamboyu matenda amufooketsa, ndipo mng'ono wawo anapereka mwanayo m'malo mwawo. Apongozi anaona zonse ndi kumva zonse, koma Shafiq sanabwerere m'mbuyo, ukwati unamangidwa ndithu. Zomwe mayi Aminah ankaopa sizinachitike. Zomwe Che Bwanali anapempha nazonso sizinachitike.

Mawa lake tinawatengera kuchipatala, ine ndikuperekeza. Khosi linali litauma, kuwala sankafuna kukuona. Dokotala atawatenga madzi a pamsana n'kuwayeza, anatikhazika pabenchi n'kuyankhula ndi mayi Aminah.

"Mayi, asilikali a m'thupi mwa bambowa anali atatha. Ndiye kachilombo kena kanalowa kumutu n'kukhala phee, popanda wolimbana nako. Mankhwala aja adzutsa asilikali, asilikaliwo apeza mdani ali muubongo, nkhondo n'kubukira momwemo. Ubongo ukamatupa, nthawi zina choyamba kusokonezeka ndi maganizo, thupi lisanatenthe n'komwe. Munthu amamva mawu, amakayikira abale ake. Mankhwalawa musawanene, munachita bwino osawasiya."

"Ndiye si misala?" anafunsa mayi Aminah.

"Ndi kusokonezeka komwe kuli ndi gwero lake, ndipo gwerolo lili ndi mankhwala."

"Tikanabwera msanga bwanji, adokotala?"

Dokotala uja anayang'ana pansi. "Tiyesetsa, mayi," anatero.

Anayesetsadi, koma sabata sinathe. Che Bwanali anamwalira m'mawa wina mvula ikuwaza, ndipo pofika madzulo anali ataikidwa kale, monga amachitira Asilamu. Hafsah anakhala pambali pa bedi masiku onsewo. Bambo ake ankamuthokoza mwaulemu akawamwetsa madzi, n'kumamutchula kuti anamwino. Sanadziwe mpaka kufa kuti mwana wawo anakwatiwa.

Zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Thupi lija linali litayamba kuchira, ndipo kuchira komweko n'komwe kunayatsa moto m'mutu mwawo. Tonsefe tinaona utsi, koma aliyense anautcha dzina lake, ndipo chipatala chinali pamtunda wa minibasi imodzi yokha. Pambuyo pake ndaonapo anthu ena oyamba mankhwalawa akuyamba kuyankhula zosamveka, ndipo pakamwa pangapa sipachedwa. Ndimawauza abale awo kuti ukwati, chinkhoswe, manyazi, zonsezo zidikire. Ena amamva, ena amati mayi wamakalayu walowerera.

Mayi Aminah anabwerera ku Mangochi atatha masiku awo achisoni. M'kashedi muja munalowa wokonza njinga, munthu wabwino ndithu, koma wopanda phokoso ndi nthabwala zomwe. Hafsah ndi Shafiq akuchita lendi kuseri kwa msika, ndipo ali ndi mwana wamwamuna.

Okhoma zidebe a kutsidya kwa msewu, omwe aja ankanenedwa kuti analodza mnzawo, anapita kwa Hafsah kukapempha kuti aike pansi patsopano pa chidebe chija, mwaulere. Iye anathokoza n'kukana. Madzi sichingatunge, choncho amabwera nacho kwa ine kudzagula makala. Ndimamuuza kuti abweretse thumba, akunditayira makala m'njira, iye amangomwetulira n'kunditulira chidebecho. Ndikamusenzetsa, fumbi la makala limatsikira m'mabowo muja n'kumudetsa mpango ndi mapewa. Amayenda choncho mpaka kunyumba, osadzisansa.