Nyanja Yamchere ya Mabel

Mukanafika pa msika wa Nsungwi ku Area 25 cha m'ma 2006 n'kufunsa mayi wa zitenje za ku Dar, aliyense akanakulozerani kwa Mabel Harawa, mayi wamfupi, wampata kumano, woseka ndi thupi lonse. Kwawo kunali ku Thyolo. Ku Lilongwe anabwera ali mtsikana kudzalera ana a azakhali ake, ndipo kumeneko ndi komwe anakumana ndi Gordon wa ku Rumphi, amene ankagwira ntchito kufakitale ya fodya ku Kanengo. Malowolo anaperekedwa, ukwati unadalitsidwa, panabadwa Thumbiko kenako Favour. Favour asanasiye kuyamwa, Gordon anadwala n'kumwalira, ndipo Mabel anapukuta misozi n'kuyamba geni.

Ku Dar es Salaam anapitako kambirimbiri mpaka madalaivala a mabasi ankamudziwa dzina. Koma imvani zodabwitsa: nyanja yamchere, imene anthu ena amaikwerera ndege kuti akangoviikamo mapazi, iye anali asanaionepo. Basi ikamutula, ankalowa m'chipiringu cha ku Kariakoo, kunenerera mitengo m'Chiswahili chake chothyokathyoka, kumanga katundu, basi n'kukwera yobwerera. Nyanjayo ankangoimva fungo mphepo ikatembenuka, kafungo konyowa kosakanikirana ndi utsi wa galimoto. Ankaima kaye, chikwama chili pamutu, n'kupuma mokoka. Kenako wina ankamugunda ndi wilibala, maloto n'kuthera pomwepo.

Chaka chimenecho, atamanga chiliza cha Gordon, akuchimuna anakhala pansi n'kugamula kuti Thumbiko, yemwe anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, akayambe sukulu ku Rumphi mu Januwale, m'manja mwa a Goodwin, akulu ake a malemu. Kwawo kwa Mabel mwana ndi wa mayi, palibenso zokambirana. Kwawo kwa Gordon mwana amatsata ng'ombe. Mabel anadziwa zimenezi tsiku lomwe abale ake ankavina polandira malowolo, koma kudziwa kwa mtsikana wovala velo n'kudziwa kwanji? Anavomera ndi pakamwa, mtima ukukana. Chomwe chinkamudya kwambiri chinali mantha akuti mwanayo adzakula akumukumbukira ngati mayi uja wa zikwama, wobwera atatopa n'kunyamukanso.

Amene anamuyatsira moto anali Jemima, mnzake wokhala naye mpando umodzi m'basi. Ulendo wina katundu wa Jemima anachedwa, ndiye anawoloka pa pantoni, chombo chowolotsa anthu, kupita ku Kigamboni, tsidya lina la Dar, kukataya nthawi.

"Asisi, kuli malo!" anatero Jemima. "Timanyumba taudzu m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Mchenga wake woyera ngati ufa. Amwenye, Aswahili, onse ali ndi ana awo, angokhala phee pansi pa mitengo ya kokonati. Palibe akugulitsa, palibe akuthamanga. Ukafunsa akuti ali pa holide."

Mawu amenewo anamulowa Mabel n'kukhazikika. Asanafike n'komwe pa malire a Songwe anali ataganiza kale: ulendo wa Disembala, uja wa katundu wa Khirisimasi womwe wageni aliyense amaudikira chaka chonse, iye adzanyamula ana m'malo mwa zitenje.

Kuyambira pamenepo Mabel ankayenda mu 25 thupi lokha. Fumbi la Okutobala likamauluka pa Nsungwi, iye ankaona mchenga. Kasitomala akatambasula chitenje chabuluu, iye ankangoti maso ndwii, mpaka mwiniwake kumugwedeza kuti, "Amayi, ndati ndi zingati?" Ana anakawalembetsa mu pasipoti yake. Pa kaunjika anafukula tizovala tosambira, tija timatsalira pansi pa mulu chifukwa palibe amadziwa kotivalira, ndipo wogulitsayo anamupatsa ka Favour ngati basera, akuseka. Kwa wokonza matayala wa pamsewu wa M1 anapemphako chubu chakale cha minibasi, chazigamba thoo, choti ana azidzayandamira.

Loweruka lililonse masana pakhonde pake pankachitika sewero laulere. Ankathira madzi m'bafa, n'kuwazamo mchere wodzaza dzanja, kuti ana azolowere. Favour ankalawa n'kulavula, n'kulawanso. Chubu chija ankachiika pabwalo, ana n'kukhalamo, Mabel n'kumawakoka ndi chingwe pafumbi uku akuwomba mkamwa ngati mafunde, mafunde amene iye mwini anali asanawamvepo. Ankawauza za nsomba zamitundumitundu, za zombo zazikulu kuposa tchalitchi, za kanyumba kaudzu komwe adzadzuke popanda wowauza kuti fulumirani. Ankakonza zonse: mandasi ndi nkhuku yokazinga ya panjira, mankhwala a malungo, mpando wa pawindo kuti Thumbiko aone mapiri a ku Mbeya. Thumbiko ankafunsa mafunso osatha. Kodi mcherewo anathiramo ndani? Kodi tsidya linalo kuli anthu? Za ku Rumphi zokha ndi zomwe sankazitchula, ndipo mayi akenso sankaziyamba.

Koma mu 25 mipanda ndi yaifupi. Anthu anaona mayi wamasiye akulembetsa ana mu pasipoti, akuchapa zikwama, akuseka yekha panjira. Anaphatikiza okha n'kupeza yankho: wapeza mwamuna wa ku Tanzania, akuthawitsa ana. Nkhaniyo inadutsa kumpingo, inakwera basi, ndipo sukulu zitangotsekera, a Goodwin anatulukira pakhomo atavala jekete ndi tayi, dzuwa likuswa mtengo.

Tisawanamizire a Goodwin, sanali munthu woipa. Anali mphunzitsi wopuma ndiponso mkulu wa mpingo, ndipo m'banja mwawo anali ataonapo ana akupita ndi mayi awo osabweranso. Kungoti m'moyo wawo wonse munthu ankayenda ulendo chifukwa cha maliro, ukwati, chipatala kapena ntchito.

"Alamu, tamva kuti ana mukuwatulutsa m'dziko muno," anatero atamwa madzi.

"Eya alamu, tikupita ku holide."

"Kwa ndani?"

"Si kwa munthu ayi. Kunyanja yamchere. Akasambe, akaone."

A Goodwin anayang'ana mpopi wa pabwalo, n'kuyang'ananso Mabel. "Madzi atha ku Lilongwe kuno?"

Mabel anafotokoza za timanyumba taudzu, za mchenga, za pantoni. Akamafotokoza kwambiri, m'pamenenso nkhope ya a Goodwin inkauma, chifukwa bodza lokha ndi limene limakongola chomwecho. Pamapeto anavula magalasi n'kunena mofatsa kuti sakukaniza ulendo, koma onse awiri sangawoloke malire. Mmodzi atsale m'manja mwawo. Mabel akatenga Favour, Thumbiko anyamuka nawo mawa lomwelo. Akatenga Thumbiko, Favour akadikira ku Rumphi, ndipo pobwera Mabel adzasiya mnyamatayo n'kutenga mtsikanayo.

Mabel anapsa mtima. Ana ake asanduka mabotolo a kugolosale, oti usiye lina kuti utenge lina? Koma mlamu satukwanidwa, ndipo Januwale anali pafupi. Analowa kuchipinda, anakhala pabedi nthawi yaitali, n'kutuluka atasankha Thumbiko. Favour adzakhala naye zaka zonse zikubwerazo, anadziuza choncho, ngakhale kudziuzako sikunachepetse ululu.

Favour analira mpaka mawu kusasa, ndipo anavomera kunyamuka pokhapokha atavala kosambira kake mkati mwa diresi ndi kutenga chubu chija. Anthu a kudepoti anaonerera mkulu wa mpingo wa tayi akukwera basi ya ku Mzuzu, dzanja lina mwana, phewa lina chubu chazigamba. Mabel anaseka misozi ikutsika.

Ku Kigamboni anafika m'mawa, miyendo itatupa ndi ulendo. Kanyumba kaudzu kanalipodi, mitengo ya kokonati inalipo, mchenga unali woyera monga ananenera Jemima. Nyanja yokha ndiyo kunalibe. Pomwe pankayenera kukhala madzi panali chidambo cha mchenga wonyowa, mabwato atagona cham'mbali, ndipo kutali kwambiri kunkanyezimira kamzere kabuluu.

"Amayi, yaphwa?" anafunsa Thumbiko.

Mabel anaponya maso pa kamzere kabuluu kaja. Kwathu kuno madzi akaphwa amadikira dzinja. Palibe anamuuzapo kuti nyanja iyi imachoka n'kubwerera tsiku lomwelo. Anaganiza kuti wafika chaka cha chilala, ndipo anati ngati madziwo sabwera, iwo awatsatira komweko.

Anavula nsapato n'kuyamba kuyenda. Unali ulendo wokoma kuposa zonse zomwe ankalota pakhonde paja. Mchenga unkatuluka pakati pa zala, tinkhanu tinkathawira m'mauna, m'tizithaphwi tofunda munali tinsomba tamizeremizere. Thumbiko ankatola zigoba za nkhono n'kumasankhula zina kuti izi n'za Favour. Mnyamata wina wogwira ntchito pahotelo ya timanyumba tija anawakuwira chinachake akukupiza manja, koma Chiswahili cha Mabel chinali cha mitengo ya katundu basi, choncho anangomukupizira dzanja nayenso. Anayenda mpaka timanyumba tija tinachepa ngati zisa za nkhuku.

Madzi anabwera mwakachetechete. Anayamba kunyambita zidendene, ana a anthu n'kumasekerera. Posakhalitsa anafika m'mawondo a Thumbiko, ndipo Mabel atacheuka anaona kuti kumbuyo komwe anadzera kwasanduka nyanja. Funde linamukankha mwanayo, zigoba zonse n'kumwazika.

"Amayi!"

Mabel sanaganize kawiri. Anamasula chitenje cha m'chiuno, anawerama, n'kumuponya kumsana mnyamata wamkulu woti miyendo yake inkafika m'mawondo a mayi ake. Anamanga mfundo pachifuwa n'kuyamba kubwerera, madzi ali m'chiuno, akumukoka uku ndi uku. Thumbiko anamukoleka manja m'khosi, nkhope ataibisa paphewa pake.

"Amayi, musandisiye. Musandisiye, amayi!"

"Sindikusiya."

"Ngakhale kwa abambo aakulu?"

Mabel anaponda pamwala woterera, anadzandira, n'kuimanso. Mchere unali m'kamwa mwake, sanadziwe ngati ndi wa nyanja. Sanadziwenso kuti akawauza chiyani a Goodwin, kapena kuti Favour akamutenga bwanji atakana kusiya mnzake. Zonsezo zinali kutsogolo, ndipo zinali zoopsa kuposa madziwa.

"Ngakhale kumeneko," anatero.

Anatuluka m'madzi anthu atasonkhana pamtunda, ena akuseka, ena akumukalipira m'chinenero chawo. Mnyamata wa pahotelo uja anathamanga kuti amuthandize kutsitsa mwana. Mabel anapukusa mutu, anagwira mfundo ya chitenje ndi manja awiri, n'kupitirira naye ali kumsana.