Mkazi wanga si Ana

Chizindikiro choyamba chinali mkodzo. M'nyengo yachisanu unayamba kutuluka modonthadontha, ndipo ndinkati ndi kuzizira kwa kuno ku Lichinga, ku Mozambique. Ndinapitiriza ntchito yanga yoyang'anira nyumba yosungiramo nyemba pa kampani ina. Mvula itayandikira, tsiku lina mkodzo unatsekeka. Mimba inatupa, thukuta lili kamukamu. Akazi anga anandikweza pa njinga yamoto kuchokera kwathu ku Sanjala mpaka kuchipatala.

Achipatala anandiika kapaipi kotulutsira mkodzo, ndipo ndinapeza mpumulo. Atandiyeza magazi ndi kundiunika, adokotala anati chiwalo cha pansi pa chikhodzodzo, chimene chimatupa mwa amuna achikulire, chakula kwambiri. "Bambo, mwachedwa kubwera," anatero. "Opaleshoni yake tikutumizani ku Nampula. Musapite nokha, mudzafunika wokusamalirani."

Sindinade nkhawa. Kuntchito kwathu kuli seguro, thandizo la chipatala limene limalipira ulendo wa wodwala pamodzi ndi mkazi wake wolembetsedwa. Akazi anga oyamba, amene ndinabwerera nawo kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, anamwalira. Nditakwatiranso ndinapita ndekha kuofesi ya antchito kukasintha dzina. Ine pepala sinditaya. Za ukwati, za maliro, ngakhale makadi a chakudya a kumsasa wa othawa nkhondo, zonse zili m'thumba la pulasitiki m'sutikesi. Koma tsiku limenelo kalaliki sanandipatse pepala lililonse. Anangoti zalowa mu kompyuta.

Akazi anga atapita kuofesi ndi chiphaso chawo kukatenga chilolezo cha ulendo, anabwezedwa. Anawauza kuti mkazi wa Bambo Mbewe ndi Ana Piri, osati iwo. Anabwera kuchipatala nkhope itagwa, naika chakudya pa kabati osandiyang'ana.

"Ana ndi ndani?" anandifunsa. "Ngati alipo, abwere adzakhuthule thumba la mkodzoli."

Ndili pabedi ndinakayikira aliyense. Ndinaganiza kuti kalaliki walowetsa mbale wake kuti azidyera pa dzina langa. Ndinakayikira mnzanga wina wakuntchito amene amafuna malo anga. Akazi anga nawo anali kukayikira ine, ndipo ankhoswe awo anayamba kufunsafunsa ku Chiuaula, dera lina la tauni ino, ngati ndili ndi nyumba ina kumeneko.

Achipatala anandipatsa tsiku lopita ku Nampula, ndipo linadutsa. Ananditulutsa kuti ndikadikire kunyumba ndi kapaipi. Ndinayamba kutentha thupi, mkodzo unachita mbuu, ndipo ndinagonekedwanso. M'mawa uliwonse anamwino ankandibaya jakisoni ndi kundiyeza kutentha. Mmodzi anandiuza mosabisa kuti kapaipi kakakhalitsa, matenda amakwera kuimpso.

Kutentha kutatsika ndinapita ine mwini kuofesi, thumba la mkodzo nditalibisa m'jekete, akazi anga ali pambuyo. Ndinayala mapepala onse patebulo. Kalaliki, mnyamata wa ku Beira wosadziwa chilankhulo chathu, anandifunsa dzina limene ndinamuuza tsiku lija. Ndinati ndinamuuza loona: Anaphiri. Iye anatembenuza kompyuta kuti ndione. Ana Piri.

Kwathu mwamuna wa msinkhu wanga satchula dzina la mkazi wake pagulu. Amamuitana ndi mfunda. Kalaliki anamva mfunda, naudula pakati, napanga mkazi amene sanabadwe. Ananena kuti kulakwa ndi kwanga. Ndikukana mpaka lero. Ntchito yake inali kupempha chiphaso, kuwerenga zimene walemba kuti ndimve, ndi kundipatsa pepala. Sanachite chilichonse mwa izi. Ndipo sindikudziwa kuti ndi akazi angati a anzanga amene ali Ana mu kompyuta imeneyo.

Kuti akonze, kalalikiyo anafuna kuti nditchule dzina lonse pamaso pa bwana wake. Ndinalitchula, eni ake ali chilili pambali panga. Anayang'ana pansi, ine ndinayang'ana khoma. Potuluka anandilanda thumba la mapepala nalinyamula okha.

Tinapita limodzi ku Nampula. Opaleshoni inayenda bwino, ngakhale adokotala anati impso imodzi yafooka chifukwa cha kudikira. Akazi anga ankagona pansi pafupi ndi bedi langa, akundisambitsa ndi kundigwira poyenda. Popanda iwo sindikanatha.

Lero ndimakodza bwinobwino, ndabwerera kuntchito, ndipo ndimapita kukayezetsa impso nthawi imene andiuza. Amuna anzanga, mkodzo ukayamba kusintha musanamizire chisanu, pitani kuchipatala msanga. Mukakwatira, mukaferedwa, mwana akabadwa, pitani kuofesi mukadali ndi mphamvu. Tengani chiphaso cha mwini dzina, werengani ndi maso anu zimene alemba, ndipo musachoke opanda pepala. Ulemu wa mfunda mukausiye pakhomo la ofesi. Ine ndinausunga, ndipo ndinalipira ndi impso.