Madzi a m'paipi ya ku Woodlands

Ntchito yanga inali yowerenga anthu ngati mbaula. Tisanaike makina oziziritsa m'chipinda, tinkafunsa kuti mudzakhala anthu angati ndipo azidzatani, chifukwa munthu aliyense amatulutsa kutentha ndi chinyezi. Wokhala pampando amatulutsa pang'ono, wogwira ntchito yathukuta amatulutsa kwambiri. Koma masiku a chipani chimodzi aja kufunsa kunali kuputa tsoka, ndipo ine pakamwa panga sipankatsekeka.

Chaka chimenecho akulu anga, mphunzitsi wa ku Kabwata, anatengedwa ndi galimoto yopanda nambala atadandaula pamzere wogula ufa. Tinafunafuna paliponse, osawapeza.

Kenaka ku ofesi kwathu m'tauni kunabwera bambo wina wovala suti ya safari, ngati ya akuluakulu a chipani. Ankafuna makina a chipinda chapansi, chopanda mawindo, panyumba ina ku Woodlands.

"Muzankala bantu bangati, ba bwana?" ndinafunsa.

"Batatu."

"Bonkala chabe, olo bosebenza?" ndinafunsanso, kuti ndidziwe ngati azidzangokhala kapena azidzagwira ntchito.

Anandiyang'ana mpaka ndinazolika. "Iwe ufunsa maningi. Lemba batatu."

Ndinawerengera atatu omwewo.

Mu Okutobala bambo uja anandiitana kuti makina akulephera. M'kati sanandilole. Anandiimika kuseri kwa nyumba, pamene panatulukira paipi yotaya madzi. Makina amenewa amafinya chinyezi chochokera ku thukuta ndi kupuma kwa anthu, n'kuchitaya kunja. Mvula inali isanagwe, nthaka ili gwa, koma paipiyo inkangochucha, pansi pake pali matope. Anthu atatu sangatulutse madzi otere ngakhale atavina tsiku lonse. M'menemo munali khamu, ndipo silinkapumula.

Ndinatchera dzanja pansi pa paipiyo. Ndinaganiza kuti mwina madzi enawa achokera m'chifuwa cha akulu anga. Mantha anandigwira, komabe mumtima ndinakondwa, pakuti wakufa sapuma. Ndinauza bambo uja kuti pakufunika makina aakulu. Anati aona.

Sanabwerenso ku ofesi. Mtima utakana kukhazikika, ndinapitako ndekha mvula isanagwebe, kunamizira kuti ndikukapukuta makina. Ndinamupeza pageti.

"Osavutika," anatero akumwetulira. "Manje yasebenza bwino."

Makina ankaliradi bwinobwino. Ndinapita kuseri kuja n'kugwada. Matope aja anali atauma mpaka kung'ambika. Ndinatchera dzanja pansi pa paipi n'kudikira, mpaka mlonda anabwera kudzanditulutsa. Silinagwe dontho ngakhale limodzi.